Laputopu yanga inandiulula

Tsiku limene bambo a IT anandiitanitsa ku kaofesi kawo, ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya chaja imene ndinabwereka osabweza. Ndinalowa ndikuseka, chaja m'manja, mawu opepesa nditakonzeratu. Iwo sanaseke. Anatseka chitseko, anatembenuza sikirini kuti indiyang'ane, kenako anati, "Mphwanga, tawerenga mzere uwu."

Pa sikirinipo panali zinthu zooneka ngati zinyalala: manambala, madontho, mayina a makompyuta, nthawi zolembedwa mpaka masekondi. Pakati pa zinyalalazo panali dzina langa. Silinali la pa chiphaso, linali lachibwana lija anandipatsa anzanga ku sekondale, limene ndinapatsanso laputopu yanga tsiku limene ndinaigula. Ofesi yonse inkandiitana dzina limenelo.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Nditangomaliza koleji ndinapeza kaganyu ka miyezi 6 ku bungwe lina mu Lilongwe, kolowetsa mayankho a kafukufuku mu kompyuta. Anyamata ndi atsikana amene ankayenda m'midzi kufunsa mafunsowo ankasainira ndalama ina, m'manja n'kulandira ina yocheperapo. Ndinkadziwa chifukwa mapepala osainawo ankadutsa pa desiki yanga, ndipo madandaulo ndinkawamva pa chiwaya masana. Ndinazisunga mumtima masabata atatu. Kenako tsiku lina anthu ataweruka ndinatsala, n'kutsegula imelo yatsopano ya dzina lopeka, n'kulembera akuluakulu a kulikulu. Ndinasamala, aise. Sindinatchule kanthu kamene anthu ena asanu a muofesimo sakanakadziwa. Ndinasintha kalembedwe, mpaka ndinalakwitsa dala Chingerezi malo awiri atatu kuti ndioneke ngati munthu wina. Nditadina Send ndinadzimva ngati kazitape wa m'filimu.

Akulikulu anaibweza kalatayo yathunthu kwa bwana wathu kuti afotokoze. Bwana sanayambe ndi kufotokoza. Anayamba ndi kuipereka kwa a IT kuti apeze amene walemba.

Cholakwa changa chinali chaching'ono. Imelo yatsopanoyo ndinailowetsa mu pulogalamu ya makalata ya pa laputopu, ndili pa Wi-Fi ya ofesi. Pulogalamu yotereyi ikamapereka kalata ku seva imayamba ndi kulonjera n'kudzitchula dzina, ndipo ina imatchula dzina lenileni la kompyutayo. Seva nayo, monga mlembi wokhulupirika, imalemba pamwamba pa kalatayo kuti ndalandira kuchokera kwa uje, pa adiresi ya IP yakuti, nthawi yakuti. Mzere umenewo umayamba ndi mawu akuti Received. Wanga unali ndi dzina langa, adiresi ya ofesi yathu, ndi ola limene aliyense anali ataweruka.

"Ndiye muwauza?" ndinafunsa. Kukamwa kunali kutauma gwa.

"Ndiwauza kuti kalatayi yachokera pa Wi-Fi ya pano," anatero. "Ndipo password ya Wi-Fi ya pano ngakhale mayi ogulitsa mandasi pageti paja akuidziwa. Bodza palibe pamenepo. Koma iwe ukasinthe dzina la makina akowa lero lomwe."

Poona kuti ndikunjenjemera, anayamba kundichezetsa. Iwo anaphunzira ku Britain m'ma 1990, ndipo anati nkhani ya mzere umenewu si yatsopano. Anati kunali malo otchedwa Usenet kumene anthu anakangana zaka ndi zaka pa funso limodzi: pamwamba pa uthenga tizilembapo chiyani za munthu amene wautumiza? Tsikulo sindinamve zambiri, mutu unali kwina. Koma kontirakiti itatha, ndili pa ulova ndi bandulo ya usiku, ndinakafufuza. Zimene ndinapezazo ndi zimene ndikufuna tikambirane.

Tiyambe ndi mawu akuti header. Uthenga uli ndi mbali ziwiri: zimene mwalemba inu, ndi mizere imene makina amaika pamwamba pake. Foni imakuonetsani itatu kapena inayi yokha, monga wotumiza, mutu ndi tsiku. Inayo imabisika, koma ilipo. Ngati muli ndi Gmail pa kompyuta, tsegulani kalata iliyonse, dinani timadontho titatu tija, musankhe Show original, muone nokha. Zili ngati envulopu ya ku positi. Agogo anga ankadziwa kuti kalata yachokera kwa amalume ku Johannesburg asanaitsegule n'komwe, chifukwa sitampu ndi chidindo zinkanena kale. Wolemba kalata akhoza kubisa dzina lake mkatimo, koma chidindo amadinda ndi a positi.

Usenet inabwera web isanabadwe, Facebook ndi WhatsApp zisanalotedwe n'komwe. Mu 1979 ophunzira awiri a pa Duke University ku North Carolina, Tom Truscott ndi Jim Ellis, anaganiza zoti makompyuta a m'mayunivesite azipatsirana nkhani. Steve Bellovin wa pa University of North Carolina analemba pulogalamu yoyamba, ndipo mu 1980 zinthu zinayamba kuyenda. Nkhanizo zinkagawidwa m'magulu otchedwa newsgroup, lililonse ndi mutu wake: comp.os.minix la anthu a makompyuta, soc.culture.african la zokambirana za Africa, ndi ena masauzande. Kunalibe likulu, kunalibe mwini. Yunivesite kapena kampani iliyonse inali ndi seva yake. Poyamba masevawo ankaimbirana foni, nthawi zambiri usiku mitengo ikatsika, n'kupatsirana mauthenga atsopano mpaka atafika paliponse.

Kuti uthenga usamangozungulira, panali mzere wotchedwa Path. Seva iliyonse imene uthenga wadutsapo imalemba dzina lake kumanzere kwa mzerewo, n'kulilekanitsa ndi linzake ndi chizindikiro cha !. Seva ikaona kuti dzina la inzake lilipo kale, siitumizira uthengawo kachiwiri. Zili ngati kondakitala wong'amba tikiti kuti asakufunseni kawiri. Cholinga chinali chimenecho basi, panalibe zolonda munthu. Koma mukauwerenga mzerewo chobwerera, mumafika kumene ulendo unayambira.

Malamulo a mmene makina azilankhulirana pa intaneti amalembedwa m'zikalata zotchedwa RFC, chilichonse ndi nambala yake. Maonekedwe a uthenga wa pa Usenet analembedwa mu RFC 850 mu 1983, kenako mu RFC 1036 mu 1987. Nthawi imeneyo anthu anali ochepa, ambiri ophunzira ndi akatswiri, ndipo woyang'anira seva ankadziwa pafupifupi aliyense wolemba kuchokera pa makina ake. Mzere wa From, wonena kuti wolemba ndani, unkadalira chilungamo cha munthu. Wodziwa njira akanatha kulembapo dzina lililonse. Wina akachita zachibwana, anthu ankatsata Path n'kulembera woyang'anira seva yake, iye n'kukamugogodera pachitseko.

Mu 1986 kunabwera njira yotchedwa NNTP, yolola munthu kulumikizana ndi seva ali pa kompyuta ina kutali. Apa Path inkathera pa seva, ndipo kuseri kwa sevayo kunkatha kukhala anthu masauzande. Ndiye masevawo anayamba kuwonjezera mzere wina, NNTP-Posting-Host, wolemba poyera dzina kapena adiresi ya IP ya kompyuta imene uthenga wachokera. Mzere umenewu munalibe mu RFC 1036. Unangobadwa chifukwa anthu anaufuna, n'kufalikira.

Chifukwa chake ankaufuna chinaonekera bwino pa 12 Epulo 1994. Maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi mkazi wake Martha Siegel, anatumiza uthenga umodzi wotsatsa malonda kumagulu oposa 5,000. Malonda ake mukuwadziwa, eti: kuthandiza anthu kulowa mpikisano wa Green Card, womwe uja achibale athu akhala akudzaza kwa zaka zambiri. Anthu anakwiya. Anawerenga header, anapeza kampani imene inkawapatsa intaneti, anaithira madandaulo mpaka inatseka akaunti yawo. Awiriwa sanabisale, anali onyadira zimene achita. Koma amene anabwera pambuyo pawo anaphunzira kubisala, kupeka From, kupeka mbali ina ya Path. Anthu odzipereka olimbana ndi spam ankadalira mizere imene wotumiza sangaisinthe, imene seva imadinda yokha. Kunabweranso ina monga X-Trace ndi X-Complaints-To, seva iliyonse n'kalembedwe kake.

Mpaka apa nkhaniyi ikumveka yosavuta: mbava ikusiya mapazi, alonda akutsata mapazi. Vuto ndi loti mapazi sasiya mbava yokha. Pa Usenet panali magulu a anthu amene anagwiriridwapo ali ana ndipo akufuna kulankhula koyamba. Panali a anthu odwala matenda amene sangawatchule kuntchito, ndi a ogwira ntchito amene aona zachinyengo kukampani kwawo. Munthu wotere akalemba ndi dzina lopeka, koma NNTP-Posting-Host n'kunena kuti uthenga wachokera pa kompyuta ya dipatimenti yakuti pa yunivesite yakuti, ndiye kuti wabisa nkhope n'kusiya baji pachifuwa. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha pa desiki paja, ndikulakwitsa dala Chingerezi.

Panabweranso china. Kale masevawo ankafufuta mauthenga pakapita masiku kapena masabata, chifukwa malo osungira anali ochepa. Anthu ankalemba ngati akucheza pa bawo, podziwa kuti mphepo itenga. Mu 1995 kampani ya ku Texas yotchedwa Deja News inayamba kusunga mauthengawo n'kulola aliyense kufufuza, ngakhale kufufuza zonse zimene munthu mmodzi analembapo. Anthu atadandaula, panabwera mzere wina, X-No-Archive, wopempha kuti uthenga usasungidwe. Linali pempho chabe: wina akakuyankhani n'kukopera mawu anu mu yankho lake, mawuwo ankasungidwa ndithu. Mu 2001 Google inagula nkhokwe ya Deja News, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho inali itaiwonjezera ndi mauthenga oyambira mu 1981. Ubwino wake ulipo. Lero mukhoza kuwerenga uthenga umene Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki, analemba pa comp.os.minix pa 25 Ogasiti 1991 wolengeza kapulogalamu kamene kanadzakhala Linux, imene ili pansi pa Android ya foni yanuyo. Koma nkhokwe yomweyo inasunganso zimene mnyamata wina analemba ataledzera mu 1993, ndi chidindo chake chomwe. Mlandu suwola, amatero akuluakulu. Pa Usenet ngakhale chimene sichinali mlandu chinasiya kuwola.

Munthu mmodzi anayesa kuthetsa vutoli yekha. Mu 1993 Johan Helsingius wa ku Finland anakhazikitsa seva yotchedwa anon.penet.fi. Munkatumiza uthenga wanu kwa iye, makina ake n'kuchotsa mizere yonse yokuululani, n'kukupatsani nambala, n'kutumiza uthengawo kugulu limene mwasankha. Wofuna kukuyankhani ankalembera nambalayo, seva n'kukupatsirani. Anthu mazana a masauzande anaigwiritsa ntchito. Koma kuti yankho likupezeni, sevayo inkayenera kusunga mndandanda wosonyeza kuti nambala yakuti ndi ya adiresi yakuti. Zinsinsi zonsezo zinali m'kabati imodzi, ndipo kiyi anali ndi munthu mmodzi.

Mu Febuluwale 1995 apolisi a ku Finland anafika ndi chikalata cha chipikisheni. Mpingo wa Scientology unadandaula kuti wina watulutsa zinsinsi zake kudzera pa sevayo. Helsingius anayenera kusankha: apereke dzina limodzi, kapena apolisi atenge makina onse ndi mayina a aliyense. Anapereka limodzi. Chaka chotsatira mpingowo unabweranso kufuna mayina ena, ndipo khoti linagamula kuti aulule. Kumapeto kwa Ogasiti 1996 analengeza kuti akutseka sevayo, chifukwa malamulo a dziko lake sankateteza chinsinsi cha imelo mokwanira kuti iye apitirize kulonjeza anthu chitetezo. Munthuyu sanali wachinyengo. Anangofika pamene ubwino wa munthu umathera ngati lamulo silili kumbuyo kwake. Pambuyo pake anthu ena anadalira makina osasunga mndandanda uliwonse, oti ngakhale mwini wake sadziwa amene watumiza. Apolisi akafika sapeza kanthu. Koma naye amene akuopsezedwa kudzera m'makina otero alibe poti n'kukadandaula.

Zonsezi zinali pa tebulo pamene bungwe la IETF, limene limakonza malamulo a intaneti, linakhazikitsa gulu lotchedwa USEFOR kuti lilembenso RFC 1036. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa khumi. Zikalata zatsopano, RFC 5536 ndi RFC 5537, zinatuluka mu Novembala 2009, patapita zaka 22 chilembereni chakale chija, Usenet yomwe itayamba kale kuchepa anthu. Mwa amene anazilemba munali Charles Lindsey, Ken Murchison ndi Russ Allbery. Ndinaziwerenga pafoni usiku, maso akuwawa, ndipo pa nkhani yathuyi chimene anachita ndi ichi.

Anatenga mizere yosalongosoka ija n'kuiphatikiza mu umodzi wotchedwa Injection-Info, umene umadindidwa ndi seva yoyamba kulandira uthenga. Mzerewo umayamba ndi dzina la sevayo, kuti aliyense adziwe khomo limene uthenga unalowera. Kenako pali tizigawo tinayi timene seva ikhoza kuika kapena kusiya. Ka posting-host kamanena kompyuta imene uthenga wachokera, monga ankachitira kale. Ka mail-complaints-to kamapereka adiresi yokadandaulako. Ka logging-data ndi kanambala kopanda tanthauzo kwa inu ndi ine, koma woyang'anira seva akakayang'ana m'mabuku ake amapeza amene analemba. Kachinayi, posting-account, n'kamene kanandikhazika pansi. Kamaimira akaunti ya wotumiza, ndipo chikalatacho chimalangiza kuti kalembedwe m'njira yoti maseva ena asathe kukamasulira, pofuna kuteteza zinsinsi za munthu. Koma chimalangizanso kuti mauthenga awiri ochokera kwa munthu mmodzi azikhala ndi chizindikiro chofanana, ndipo ochokera kwa anthu osiyana azikhala ndi zosiyana, kuti wina akathira mauthenga 5,000 azindikirike kuti ndi mmodzi n'kuletsedwa.

Mwachidule, anati chidindo chikhalepo, koma si aliyense wodutsa pamsewu amene ayenera kuchiwerenga. Wolakwiridwa akhale ndi khomo logogoda. Wolemba akhale ndi chinsinsi chake kwa anthu wamba. Pakati pawo pakhale munthu wosunga kiyi. Nditamvetsa zimenezi ndinasangalala ngati ndapeza yankho la mayeso. Kenako ndinaona kabowo kake. Ngati chizindikiro changa n'chofanana paliponse, ndiye tsiku limene ndalemba za mpira ndi dzina langa lenileni, mawa n'kulemba za matenda anga ndi dzina lopeka pa akaunti yomweyo, munthu wachidwi akhoza kuika mauthenga awiriwo pambali n'kuona kuti chidindo n'chimodzi. Safunika kumasulira chilichonse. Chingwe chogwirira wa spam n'chomwecho chimene chingakole munthu wosalakwa. Ndipo olemba chikalatacho anasiyira mwini seva aliyense kusankha zimene aike, chifukwa seva ya ku Germany ndi ya ku America zili pansi pa malamulo osiyana, ndipo pa Usenet palibe mfumu yoti ilamule onse.

Ndikanakhala kuti ndinalemba nkhaniyi chaka chimene chija, ndikanaimaliza ndi kunena kuti zidindo zonse zichotsedwe, munthu azilankhula mosaopa. Koma chaka chatha mlongo wanga wamng'ono, amene ali pa koleji, anayamba kulandira mauthenga usiku kuchokera ku nambala yachilendo. Wolembayo ankamuuza zimene wavala tsikulo, kumene wakhala mu laibulale, amene wayenda naye. Akaibuloka nambalayo, kunkabwera ina. Zinafika zitatu. Mtsikana amene ankawerenga mpaka laibulale itatsekedwa anayamba kudzitsekera ku hostel dzuwa likangolowa. Anandiimbira akulira, akuti, "Achimwene, munthuyu akundiona, ine sindikumuona."

Ine yemwe uja, amene ndinathokoza Mulungu chifukwa cha munthu wosaulula mzere, ndinkafuna dzina, nkhope, nyumba, zonse, lero lomwe. Titakadandaula anatiuza kuti za mwini nambala sizimangoperekedwa kwa aliyense, pamafunika zikalata zoyenera ndipo zimatenga nthawi. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima. Ndiye ndinachita zimene tonse timachita: ndinalowetsa nambala imodzi pa mobile money ngati ndikufuna kutumiza ndalama, kuti dzina lituluke. Linatuluka. Linali la mayi amene sitinamumvepo. Ndinajambula screenshot, ndinatsegula Facebook, ndinalemba kale mawu awiri atatu aukali. Mlongo wanga ndi amene anandiletsa. Anati, "Nanga ngati si iwowo?"

Sanali iwowo. Simu khadiyo inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina. Inali From yopeka, ngati za pa Usenet zija, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuponya mayi wosalakwa m'kamwa mwa anthu a pa Facebook. Mnyamatayo anapezeka mwa njira ina. Mnzake wa mlongo wanga analowetsa manambala atatuwo mufoni mwake, ndipo imodzi inatulukira ndi dzina. Anali ataisunga zaka ziwiri zapitazo, pamene mnyamata wina wa m'kalasi mwawo ankaigwiritsa ntchito pa gulu la WhatsApp la kalasi asanasinthe nambala. Khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Nkhaniyo inapita kwa akuluakulu a pasukulupo ndipo mauthengawo anatha.

Taonani tsono. Chimene chinamasula mlongo wanga ndi chizindikiro chimodzi chopezeka malo awiri, kabowo komwe kaja ndinakadandaula mu posting-account. Chimene chikanandichotsa ntchito ndi chomwechonso: dzina limodzi, pa laputopu ndi pakamwa pa anzanga. Makina sadziwa kuti uyu ndi woulula zakuba, uyu ndi woopseza mtsikana. Amangodinda.

Ndiye chifukwa chake mkangano wa USEFOR sindiuona ngati nkhani ya agogo a makompyuta, ngakhale Google Groups inasiya kulandira mauthenga atsopano a Usenet mu Febuluwale 2024. Funso lomwelo linangosamukira mufoni. Mu 2021 boma la India linaika malamulo oti makampani akuluakulu a mauthenga azitha kuloza munthu woyamba kutumiza uthenga akalamulidwa kutero. WhatsApp inapita ku Delhi High Court kukatsutsa, ponena kuti kuti itero iyenera kusunga chidindo cha uthenga wa munthu aliyense, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Kuno kwathu, kuyambira 2018 simu khadi imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, motsogozedwa ndi MACRA. Tili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo tawerengapo m'nyuzipepala za anthu omangidwa chifukwa cha zimene analemba pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Tilinso ndi Data Protection Act ya 2024. Header yathu ife ndi nambala ya foni. Ili pamwamba pa uthenga uliwonse, yamangiriridwa ku chiphaso ndi ku ndalama zathu, ndipo aliyense wodziwa kudina manambala angapo akhoza kuiwerenga, nthawi zina n'kuwerenga dzina lolakwika.

Sindikukhulupiriranso kuti tingakhale opanda zidindo, ndipo sindikufunanso kutero. Masiku ano ndikamva za njira yatsopano yolembetsera anthu kapena yotsatira mauthenga, ndimafunsa mafunso amene ndinaphunzira ku zikalata zija. Akulemba chiyani za ine? Angawerenge ndani? Azisunga mpaka liti? Ndipo wofuna kutsegula kabatiyo ayenera kubwera ndi chiyani m'manja, chikalata cha khoti kapena udindo wake basi? Tsiku lija ndinatukwana chifukwa anatiuza kuti pakufunika zikalata. Lero ndikuona kuti zikalata zomwezo, zikamatsatidwa moona ndiponso mwachangu, ndi zimene zingaime pakati pa bwana wokwiya ndi mnyamata wa kaganyu. Olemba RFC 5536 anatha kulongosola maonekedwe a chidindo. Khalidwe la wosunga kiyi, ndi lamulo lomuteteza kapena kumukakamiza, sakanatha kuzilemba mu header. Zimenezo ndi zathu, dziko lililonse ndi zake.

Ku bungwe kuja, akulikulu anatumiza anthu odzafufuza mabuku patapita miyezi iwiri. Anyamata ena analandira zotsala zawo, ena anali atabalalika kale. Kontirakiti yanga inatha pa tsiku lake ndipo palibe amene anandifunsapo kanthu. Laputopu ndinaisintha dzina usiku womwe uja, mpaka pano imatchedwa PC basi.

Bambo a IT ndinakumana nawo mwezi watha mu minibasi ya ku Area 25. Anapuma ntchito, akuweta nkhuku. Ndinawathokozanso, iwo n'kungogwedeza dzanja ngati ndikunena za chaja ija. Ndinawafunsa ngati sankaopa. Anati, "Ndinkaopa, mphwanga. Akanabwera ndi kalata yochokera kukhoti ndikanakupereka, usadzinamize. Koma anangobwera ndi mkwiyo." Anatsika pa siteji yawo atanyamula thumba la chakudya cha anapiye. Ine ndinatsala ndikuganiza za kaofesi kaja. Pampando wawo pakhala munthu wina tsopano, ndipo mnyamata wina wa kaganyu akusikana mapepala pa desiki imene inali yanga.